Dzina la Amuna Anga pa Wailesi

Ndinali ndisanathe chaka ku Kitwe pamene dzina la amuna anga linatchulidwa pa wailesi. Ndinachokera ku Katete ndi sutikesi imodzi, mwana wa miyezi inayi ali kumsana, kutsatira mwamuna amene anandikwatira ali pa tchuthi n'kundisiya kwa amayi mpaka atapatsidwa nyumba ya mgodi. Panali patangopita zaka zochepa chilandirireni ufulu, ndipo mkuwa unkayenda malonda. Zimenezi ndinkazionera pa mzere wathu wa nyumba ku Wusakile. Mwezi ukatha wina ankabwera ndi njinga yatsopano, wina suti, wina wailesi yaikulu ngati kabati. Ife wailesi tinalibe. Amuna anga ankati tiyambe ndi bedi.

Ntchito yawo inali ya pansi, yoimika mitengo yochirikiza miyala kuti isagwere anthu. Loweruka masana ankamenya mpira m'timu ya mgodi. Kunena zoona, sanali munthu woti ana n'kumamuthamangira panjira. Ankasewera kumbuyo, mbali ya kumanzere, ndipo nthawi zambiri ankakhala m'timu yachiwiri. Yoyambayo ankalowamo wina akavulala. Ine mpirawo ndinali nditauonera kawiri kokha. Ndinkadziwa kuti ukalowa mu ukonde anthu amakuwa mokondwa, koma tsiku lina unalowa anthu n'kuyamba kutukwana woimba wezulo, ndiye ndinangosiya kufunsa. Mbali yanga inali kuchapa masokosi.

Linali Lachinayi, cha m'ma leveni koloko, ndili kuseri pa mpopi ndikuchapa matewera. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, Mbemba wa ku Kasama wamawu ngati belu, anatuluka akuthamanga, chitenje chikumasuka.

"Abalume benu, mayo! Abalume benu! Pa wailesi!"

Chibemba ndinkachimva mwa apo ndi apo, koma pamenepo ndinamva kuti akunena amuna anga. Nditadzutsa mutu ndinaona akazi ena atatu akubwera chothamanga kuchokera kumtunda kwa mzere.

Kumigodi, akazi akamathamangira kunyumba kwako mwamuna wako ali pansi, tanthauzo lake ndi limodzi. Ndinali nditaziona kale pa nyumba ya kumapeto kwa mzere wathu, mwezi wachiwiri nditafika. Ndinakhala pansi m'madzi a sopo momwemo n'kuyamba kubuma maliro, kuitana amayi anga a ku Katete. Chondisokoneza chinali chakuti akazi aja ankaimba nthungululu, wina mpaka akuvina. Mumtima ndinati kapena Abemba amalira motero, ndiye ndinaonjeza kulira kuti asandione ngati wouma mtima.

Anandipulumutsa ndi mayi wina wachikulire wa ku Petauke amene tinkapemphera naye ku Katolika. Anandigwira mapewa n'kundigwedeza.

"Tonthola, mwana iwe! Palibe wafa. Amuna ako awasankha m'timu ya dziko."

"Dziko lake liti?" ndinafunsa ndikusisima.

Akazi aja atamasuliridwa funso langa anaseka mpaka kugwirana. Koma ine sindinkachita nthabwala. Kwathu munthu akati dziko amanena kumene kuli manda a makolo ake, ndipo ndinkadabwa kuti ku Katete kwayamba liti kuitana anthu pa wailesi.

"Zambia yense," anatero mayi aja. Anandifotokozera pang'onopang'ono kuti kutsogoloku kukubwera mpikisano waukulu wa maiko a mu Afirika, ndipo akuluakulu a mpira awerenga maina a anyamata oti akasonkhane ku Ndola Lolemba. Kumeneko akawasefa, ndipo otsala m'sefa ndiwo adzakwere ndege.

Amuna anga anafika cha m'ma fili koloko atanyamulidwa pa mapewa kuchokera ku geti ya mgodi, chisoti chili kumutu, matope ali m'mabutsi. Anthu ankaimba m'Chibemba. Ndinayang'ana nkhope yawo ndikuyembekeza kuona mano, koma anali ngati munthu amene wakwezedwa basi yolakwika ndipo akuchita manyazi kuuza kondakitala. Gulu litabalalika anatseka chitseko n'kukhala pa mpando osavula nsapato.

"Amake mwana, mwamva ndi makutu anu?"

"Iyayi, ndamva kwa anthu."

"Anati wa ku Kitwe?"

Ndinati sindikudziwa. Apo m'pamene anandiuza kuti ku Ndola kuli munthu wina, womenya kutsogolo m'timu ya fakitale, amene dzina lake la ubatizo ndi chiwongo chomwe n'zofanana ndendende ndi zawo. Ife a kum'mawa maina athu ndi owerengeka, ukaitana chiwongo chimodzi pa msika amatembenuka anthu khumi. Wa ku Ndolayo anali wogoletsa zigoli, ndipo kawiri konse anthu anagwirapo amuna anga chanza chifukwa cha zigoli za iyeyo zimene anaziwerenga m'nyuzipepala.

"Ndiye kuti ndi iyeyo," ndinatero, mtima ukukhalako pansi.

"Ayenera kukhala iyeyo." Anapukuta chisoti ndi chikhatho. "Komatu mwezi watha, tsiku lija ndinalowa m'timu yoyamba tikumenya ndi a ku Luanshya, panali azibambo awiri a masuti ankalemba m'kabuku. Tsiku limenelo mbali yanga sikunadutse munthu."

Tinayamba kufunsa amene anamva okha. Mwamuna wa mayi wa ku Kasama analumbira kuti wowerengayo anati Kitwe. Wa nyumba yachitatu anati anamva Ndola, koma ankaganiza kuti akunena kumene akasonkhane. Mayi wa ku Petauke anati palibe tauni imene inatchulidwa, anangowerenga maina motsatizana ngati a m'kaundula wa tchalitchi. Tinagwirizana kudikira nyuzipepala, poti cholembedwa sichisintha mawu.

Lachisanu m'mawa, asanapite ku shifiti, amuna anga anakagula nyuzipepala n'kuitambasula pa tebulo. Anatsata ndi chala. Maina anawaika m'magulu: ogwira pagolo, akumbuyo, apakati, akutsogolo. Dzina lija linali m'gulu la akumbuyo. Koma pambali pake analemba kuti Ndola.

"Malo ndi anga, tauni ndi yake," anatero. Anawerenganso kachiwiri, ngati kuti zilembo zingasinthe maganizo.

Mlembi wa timu ya mgodi anaimba telefoni ku ofesi ya za mpira ku Lusaka. Madzulo anabwera kudzatiuza mmene zinayendera. Atatchula dzina, wa kuofesiyo anati inde lilipo, munthuyo abwere Lolemba. Atanena kuti anthuwo ndi awiri, wa kuofesiyo anafunsa kuti, "Inu muli naye kapena mulibe?" Mlembi anati ali naye. "Ndiye mukufunsa chiyani?" Telefoni inathera pomwepo. Bwana wa shifiti, amene ankakonda mpira kuposa mkazi wake, anapereka tchuthi cha masiku atatu osafunsa kalata.

Loweruka masana pabwalo pathu panadzaza azibambo. Ena anabwera ndi mipando yawo, ena anakhala pa zitini pansi pa mtengo wa gwafa. Ine ndinkawiritsa tiyi pa mbaula pafupi ndi khomo, ndiye ndinamva zonse, za Chibemba ndikuzitolera, za Chinyanja ndikuzimva bwino. Nkhani inali yakuti kodi timu ya dziko ikachitako chiyani kumeneko.

Woyendetsa kasitima ka pansi pa mgodi anati a ku Congo sitingawathe, mpira wawo amachita kuuvina, ndipo mankhwala awo amachokera m'nkhalango zimene dzuwa silifika pansi. Wina anati oopsa ndi a kumadzulo, anthu aatali ngati milongoti, ndiye mpira wam'mwamba tisauyerekeze, tiziuyendetsa pansi. Wachitatu anati vuto ndi kumpoto kwa Aluya, kumazizira, anyamata athu akauma miyendo. Mnzake anati bodza, kumeneko ndi chipululu, akapsa mapazi. Anakangana kwa nthawi yaitali za nyengo ya dziko limene panalibe ndi mmodzi yemwe anapondako. Kenaka bambo wina wa imvi, mlonda wa ku sitolo ya mgodi, anakweza dzanja.

"Kutsogolo tili ndi mikango," anatero. "Chimene chimatipha ndi kumbuyo. Kumbuyo kwathu ndi chitseko cha udzu. Koma tsopano," analoza amuna anga ndi kapu, "aikapo chachitsulo."

Onse anavomera. Ine ndinatsala pang'ono kutaya tiyi, chifukwa bambo yemweyo ndi amene ndinamumva ku bwalo tsiku lina akukuwira amuna anga kuti ng'ombe ya pangolo. Atawafunsa eni akewo kuti akuona bwanji, anayankha ndi mawu otsika kuti, "Tikaona komweko." Azibambo aja anayang'anana n'kugwedeza mitu, ati taonani mmene amayankhulira anthu a timu ya dziko.

Ndinafunsa mayi wa ku Kasama, m'Chibemba changa chopunduka, ngati tikapambanadi. Anati mosakayika. Nditafunsa chifukwa chake anati poti tili ndi mkuwa. Ndinati kodi mkuwawo umamenya mpira? Anandiyang'ana ngati mwana wosamva. "Munthu wokhuta sagwa msanga," anatero, n'kubwerera kukasamba m'manja. Ndinatsala ndikuganiza kuti mwina mpira uli ngati kulima, koma sindinaone pamene zikukumana.

Lamulungu m'mawa, titangobwera ku Misa yoyamba, apongozi anga aamuna anafika pa njinga kuchokera ku komboni ya Ndeke, ku Kitwe komweko. Anali atapuma ntchito ya mgodi ndipo ankasoka nsapato pa msika. Iwo anali a Mboni. Amuna anga anasiya kupita ku misonkhano ali mnyamata, ndipo pofuna kundikwatira anabatizidwa ku Katolika. Apongozi sanandinenepo mawu oipa pa zimenezo, koma ine ndinkawaopa. Zaka zimenezo ana a Mboni ankavutika m'masukulu chifukwa chokana kuimba nyimbo ya fuko ndi kuchitira sawatcha mbendera, ndipo mlamu wanga wamng'ono anali atakhala pakhomo chaka chathunthu pa nkhani yomweyo.

Ndinawapatsa tiyi n'kukagwada patali, pakhomo la kukhitchini, monga amachitira mpongozi.

"Ndamva kuti ukukaima pamaso pa mbendera," anatero kwa mwana wawo.

"Ndikukamenya mpira, atate."

"Mpirawo amauyamba ndi chiyani? Si nyimbo?"

Amuna anga anayang'ana pansi. Anayesa kunena kuti mwina woitanidwayo si iwo, koma apongozi anadula.

"Ngati si iwe, ukukatani? Ngati ndi iwe, sindinakulere kuti ukaweramire nsalu. Usapite."

Mwana anali m'tulo, ndipo ndinkamva supuni yokha ikuzungulira m'kapu. Ndinaganiza kuti nkhani yatha, ndipo kunena zoona mtima wanga unapepuka. Apongozi anamwa tiyi theka, n'kuika kapu pansi.

"Akakuika kumanzere komwe kuja?"

"Kaya, atate."

"Vuto lako umathamangira mwendo wa munthu. Mwendo umanama. Uziyang'ana m'chiuno, chiuno sichinama."

Anaimirira, naika chikwama chawo cha mabuku pampando, nakankhira chitini cha mkaka chopanda kanthu pakati pa chipinda. Munthu wa imvi, wovala tayi, anayamba kupendeka uku ndi uku pa simenti yanga yopolisha, akuuza mwana wawo kuti awalande chitinicho. Amuna anga anayesa kawiri osachikhudza. Ine ndinali chigwadire, osadziwa ngati mpongozi amaloledwa kuona zoterezi. Pambuyo pake ndinamva kuti apongoziwo ali mnyamata ankamenya mpira wopanda nsapato m'komboni, ndipo anthu ankachoka ku Chingola kudzawaonera.

Atatopa anatenga chikwama chawo. "Ndanena, usapite," anatero ali pakhomo. Atakwera njinga anatembenuka. "Basi ya ku Ndola ya masana imadzaza msanga."

Atapita ndinafunsa amuna anga kuti, "Kodi akulolani kapena akukanizani?"

"Zonse ziwiri," anayankha. "Konzani mwana, mupite nawo. Mukagona kwa achemwali ku Lubuto, ku Ndola komweko. Ndikakachita manyazi pakhale wina wa kwathu woti ndiyende naye pobwerera."

Lolemba eiti koloko ndinali nditakhala pa masitepe a simenti a bwalo la ku Ndola, mwana ali pamiyendo. Oonerera anali ochepa. Chapafupi nane panali mayi wina wa msinkhu wanga, wovala diresi la m'tauni, ataphimba mutu ndi ambulera, akuluka juzi. Pansi, m'mphepete mwa udzu, anyamata anaima pamzere. Kalaliki wa magalasi ankawerenga maina, woitanidwa n'kuvomera, n'kulandira jezi kuchokera m'thumba lalikulu. Pambali pake panaima kochi, bambo wamfupi wa chipewa ndi wezulo pakhosi.

Dzina lija litatchulidwa anavomera anthu awiri. Onse anatuluka pamzere, amuna anga kuchokera kumapeto, winayo kuchokera pakati, mnyamata wamtali wowonda miyendo. Anakumana pamaso pa kalaliki, nayang'anana, napatsana moni ndi manja awiri.

"Ndiye amenewo," anatero mayi wa ambulera uja chapansipansi, m'Chinyanja.

Ndinatembenuka. Iye anandiyang'ana, nayang'ana mwana, nayang'ananso amuna anga.

"Ndinu akazi awo?"

"Ee."

"Ine ndine wa winayo."

Anasendera pafupi n'kuphimba mwana wanga ndi ambulera yake. Makolo ake anali a ku Chadiza koma iye anabadwira ku Ndola, ndiye Chingerezi ndi Chibemba ankazimva bwino. Anandiuza kuti chionereni nyuzipepala ija amuna ake chakudya sichinkalowa. Ankati iwo sanamenyepo kumbuyo chibadwire, ndiye wosankhidwayo ndi wa ku Kitwe, olemba angosokoneza tauni. Anabwera kokha chifukwa anthu a ku fakitale anali atawaphera kale nkhuku. Ndinazindikira kuti masiku anayi onsewo nyumba ziwiri zinkadwala matenda amodzi, aliyense akukhulupirira kuti mwayi ndi wa mnzake, koma osafuna kuutaya.

Pansi paja nkhani inakula. Panabwera azibambo ena awiri a masuti, pepala likuyenda m'manja. Mnzanga watsopanoyo ankatchera khutu n'kumandimasulira. Kalaliki ankati pepala linabwera choncho kuchokera ku Lusaka. Kochi ankati dzinalo anapatsidwa ndi munthu amene amayendera mabwalo a kumigodi kuona anyamata, iye mwini sanamuonepo mnyamatayo. Atafunsa kuti nanga woyenderayo ali kuti, anati anapita ku maliro ku Mongu, ndipo sakudziwika tsiku lobwera. Kochi anavula chipewa, nakanda mutu, nayang'ana amuna awiri aja kuyambira kumapazi. Kenaka anati onse alowe. Jezi inali imodzi. Wamtali uja anaikankhira kwa amuna anga, amuna anga anaibweza, mpaka kalaliki anailanda n'kuibwezera m'thumba. Onse awiri anamenya ndi mavesiti.

Anawaika m'magulu osiyana, ndipo poti wina anali wakutsogolo wina wakumbuyo, anapezeka akulondana okhaokha. Kochi akakuwa chiwongo, onse awiri ankaima n'kutembenuka, mpira n'kumapita wokha. Zitachitika katatu, anyamata ena akugwa ndi phwete, anayamba kuwaitana wina Kitwe wina Ndola. Ine ndinkafunsa mnzanga kuti akupambana ndani. Iye ankati nayenso sakudziwa, amangoona amuna ake akagoletsa, ndipo tsiku limenelo sanagoletse. Ndinafunsa ngati zimenezo zikutanthauza kuti anga achita bwino. Anati mwina, kapena ake achita moipa.

Anyamatawo ankagona ku hositelo ina, ndipo bedi la dzina lija linalinso limodzi. Wa ku Ndola anati iye kwawo ndi pafupi, akagona kunyumba, mlendo atenge bedi.

Lachiwiri kochi anachita chinthu chimene chinatimaliza nzeru. Anati mwina pepala likunena zoona mwa njira ina, ndiye anaika wa ku Ndola kumbuyo, amuna anga n'kuwapititsa kutsogolo. Wamtali uja ankangoiwala n'kumathamangira ku golo la adani, kumbuyo kukutsala pululu. Amuna anga ankazungulira kutsogoloko ngati mlendo wofuna nyumba. Koma chakumapeto mpira unachokera kumbali, unawagunda pa bondo, n'kulowa. Sanakondwere n'komwe, anangoyang'ana bondolo. Azibambo a masuti analemba m'kabuku. Mnzanga anasiya kuluka.

"Tsopano akatenga anu ngati wakutsogolo, anga ngati wakumbuyo," anatero.

"N'zotheka zimenezo?"

"Mayi, pano chilichonse n'chotheka."

Lachitatu anawabwezera m'malo awo, ndipo anamenyana mpira wa mtima bii, kugwetsana, kudzutsana, kugwetsananso. Dzuwa litafika pamutu kochi anawaitanira pambali onse awiri. Ndinaona akuwagwira chanza, wina kenaka wina. Amuna anga atabwera pa masitepe ndinafunsa kuti wanena chiyani.

"Akuti, mwabomba bwino, tukamilembela."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Mwagwira ntchito bwino, tidzakulemberani kalata."

"Wauza inu kapena winayo?"

"Amayang'ana pakati pathu."

Tinabwerera ku Kitwe ndi basi ya madzulo, ndipo m'mawa mwake analowanso pansi. Kwa masabata awiri anthu a pa mzere wathu ankawapatsa njira ngati abwana. Wonyamula makalata akamadutsa, mayi wa ku Kasama ankayamba ndiye kutuluka. Azibambo a pansi pa gwafa anapitiriza kubwera, ndipo tsopano ankafunsa za anyamata otchuka amene amuna anga anagona nawo hositelo imodzi: amadya chiyani, wa pagolo uja n'zoona kuti amamanga kanthu m'sokosi? Amuna anga ankati anangoona anthu otopa, odandaula za matuza ndi akazi awo. Yankho limenelo silinawakondweretse.

Maina omaliza anawerengedwa Lamulungu masana. Tinadzaza m'nyumba ya mayi wa ku Kasama, ena ataima pawindo. Ulendo uno wowerengayo ankatchula dzina, timu ndi tauni yomwe, pang'onopang'ono, ngati munthu amene anadzudzulidwa. Anafika kumapeto. Dzina lija panalibe, la ku Kitwe kapena la ku Ndola.

Kunja phokoso linabuka. Mlonda wa imvi uja anati basi, timu yagonja isanakwere ndege, chitseko chabwerera ku udzu. Wina anati ndi nsanje, a kum'mawa safunidwa. Mnzake anamuwerengera a kum'mawa atatu amene anali atangotchulidwa kumene, iye n'kuti amenewo ndi a kum'mawa a mtundu wina. Pasanathe ola, mlonda yemwe uja ankauza anthu kuti timu imeneyi ndi yoopsa kuposa zonse zimene dziko linatulutsapo, chikho chikubwera, amene akukana abetche. Ndinasiya kuwatsatira.

Kalata ija sinabwere, kwa ife kapena ku Ndola. Woyendera mabwalo uja sitinamve ngati anabwerako ku Mongu. Amuna anga anamenyabe mpira zaka ziwiri, mpaka bondo linayamba kutupa. Banja la ku Ndola lija tinakhala nalo pa ubale zaka zambiri, tinkayenderana pa Khirisimasi ndi pa maliro, ndipo azibambo awiriwo akakhala pamodzi aliyense ankaumirira kuti woitanidwa anali mnzake. Koma aliyense akakhala ndi mkazi wake yekha ankanena zina.

Tsiku la maina omalizalo, anthu akukanganabe panja, amuna anga analowa m'nyumba n'kukhala pa bedi. Ndinawatsatira ndi madzi akumwa. Anamwa, nagwira kapu ndi manja awiri.

"Amake mwana, inu munalipo masiku onse atatu. Mundiuze zoona. Pakati pa ine ndi uja, anamenya bwino ndani?"

Kunama sindinafune, ndipo za mpira ndinali ndisanazidziwebe. Ndinawauza chokhacho chimene ndinatha kuwerenga ndili pa masitepe paja.

"Tsiku lomaliza inu munagwa kawiri. Iwo anagwa kasanu."

Anandiyang'ana. Kenaka anayamba kuseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali ndisanakumve chiyambireni nkhaniyi, mpaka mwana anadzuka. Anapukuta misozi, navala nsapato.

"Kasanu? Munawerenga bwino?"

"Kasanu."

Anatuluka kukauza azibambo aja. Ndili m'nyumba ndinamva mkangano ukuyambanso, wina akuti wakutsogolo kugwa ndiyo ntchito yake, wina akuti iyayi, kasanu n'kochuluka.